Mwana wokonda masamu akafuna za milatho

Mayi wina wa ku Zomba wandilembera kuti mwana wawo wamkazi wakhoza bwino kwambiri masamu pa mayeso a MSCE, ndipo mtima wake uli pa uinjiniya wa misewu ndi milatho. Bambo ake akukana. Akuti mutu wotero suyenera kukathera m'fumbi. Bola achite digiri ya masamu, adzaphunzitse ku yunivesite. Mayiwo akufunsa kuti aime mbali iti.

Mayi, ine ndili mbali ya mwanayo, koma ndiyambe ndi munthu wina amene adzakumana ndi dzina lake akalowa kosi imeneyi, afune asafune. Ndi Christian Otto Mohr wa ku Germany, wobadwira ku Wesselburen m'dera la Holstein mu 1835. Ali ndi zaka 16 analowa sukulu ya ukachenjede ya Polytechnic ku Hannover, ndipo mu 1855 anayamba ntchito pa njanji za ku Hannover ndi Oldenburg, kukonza mapulani a milatho yachitsulo. M'fumbi limene bambo akuopalo anakhalamo zaka zoposa khumi. Mu 1867 ndi pamene anamuitana kukaphunzitsa ku Stuttgart, kenako mu 1873 anasamukira ku Dresden, komwe anaphunzitsa mpaka 1900 ndi kumwalirira komweko mu 1918. Sanali katswiri pakuyankhula, koma ophunzira ankamukonda chifukwa ankafotokoza zinthu mwachidule ndi momveka.

Chimene chinamutchukitsa ndi chojambula cha mu 1882 chotchedwa bwalo la Mohr. Tiyerekeze kuti mwala wasenza katundu. Mkati mwa mwalawo muli mphamvu zamitundu iwiri: ina yopanikiza molunjika, ina yofuna kutsetsereketsa mbali imodzi pa inzake. Kukula kwa mphamvuzi kumasintha malinga ndi kupendekera kwa malo amene mukuyang'ana, ndipo mwala susweka paliponse, umasweka pamene wachepekedwa. Masiku amenewo kunalibe kalikuleta, ndiye kuwerengera kupendekera kulikonse payekhapayekha inali ntchito yotopetsa. Mohr anaonetsa kuti mayankho onsewo amagona pa mzere umodzi wozungulira, woti mujambula ndi kampasi ndi rula basi. Kadontho kalikonse pa bwalolo kakuuzani mphamvu ziwiri zija pa kupendekera kwina, ndipo pamwamba penipeni pa bwalolo ndi pamene pali mphamvu yaikulu yotsetsereketsa. Kunena chilungamo, Karl Culmann wa ku Zürich anali atajambulapo kale zofanana nazo. Mohr anazikuza n'kuzigwiritsa ntchito pofufuza nthawi imene chinthu chimagonja.

Awa ndi masamu enieni, Mayi, osati ongodziwa kuchuluka kwa matumba a simenti. Koma taonani kumene anachokera. Funso linabadwira pa mlatho, kwa munthu amene ankadziwa kuti sitima yodzaza anthu idzadutsa pa zimene wawerengera.

Mpaka lero bwaloli likugwira ntchito. Asanamange damu kapena nyumba yosanja, amatenga dothi la pamalopo, kukalipanikiza mu labu mpaka ligumuke, kujambula mabwalo angapo a Mohr ndi mzere wowakhudza onse. Mzerewo ndiwo malire a mphamvu ya dothilo. Madzi akadzaza m'dothi, timiyala take sitigwirananso zolimba, bwalo limasendera kumzere uja, likangoukhudza nthaka imanyamuka. Amene tinaona matope akutsika m'phiri la Soche nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 sitifunika kuuzidwa kuti dziko lino likusowa anthu odziwa kuwerengera zimenezi.

Sindikunyoza digiri ya masamu, ndipo pali ana amene imawayenera kuposa uinjiniya. Chosiyanitsa si magiredi ayi. Mufunseni mwana wanu mmene amaionera fizikisi, chifukwa kosi ya zomangamanga yadzala ndi iyo, pamodzi ndi kujambula mapulani ndi kuyeza malo padzuwa. Ngati amakonda masamu chifukwa cha kukoma kwake kokha, ndipo funso loti "izi zigwira ntchito pati" limamutopetsa, bambo akhoza kukhala kuti aona bwino. Koma ngati podutsa pa mlatho amatsalira m'mbuyo kusuzumira kunsi kwake, musamutsekereze.

Nkhawa ya bambo ili ndi pake. Fumbi lilipodi, ntchito zambiri zili kutali ndi tauni, ndipo atsikana akadali ochepa pa malo omangira. Chokhacho n'chakuti khomo la uphunzitsi silitsekeka. Wauinjiniya akhoza kudzapitiriza maphunziro n'kubwerera m'kalasi ngati Mohr, pamene wamasamu okha kuti adzasayinire pulani ya mlatho ayenera kuyambanso maphunziro ena.

Chitani ziwiri musanadzaze mafomu. Funsani ku MUBAS, ija tinkaitcha Polytechnic ku Blantyre, magiredi amene akufuna chaka chino pa masamu, sayansi ndi Chingerezi, chifukwa zofunika zimasintha. Kenako pemphani injiniya wina amene mukumudziwa kuti amutenge mwanayo tsiku lathunthu ku malo omangira, makamaka nyengo ya mvula pamene matope ali m'maondo. Bambo akenso apite nawo.