Achemwali, ngongole ya boma ilipo, koma yambirani kukhonsolo

Achemwali, mwafunsa ngati boma la Britain lingakubwerekeni ndalama zotsegulira nyumba yosamaliramo anthu aulumali ku England kuno, poti ntchito ya care mwaigwira zaka zambiri. Njira zilipo ziwiri, ndipo zonse zimadutsa ku British Business Bank, banki ya boma yothandiza mabizinesi ang'onoang'ono.

Yoyamba ndi Start Up Loan. Munthu mmodzi amabwereka kuyambira £500 mpaka £25,000, n'kubweza m'chaka chimodzi mpaka zisanu, popanda chikole. Amakupatsaninso mlangizi waulere kwa miyezi 12. Mukakhala angapo mubizinesi imodzi aliyense atha kupempha payekha, koma zonse pamodzi sizipitirira £100,000. Yachiwiri ndi Growth Guarantee Scheme, yomwe inayamba mu 2024. Iyi mumatenga kubanki, boma n'kulonjeza bankiyo kuti mukalephera lidzailipira 70 peresenti ya ndalama zotsala.

Apa mumvetsetse. Boma likuteteza banki, osati inu. Ngongole yonse imakhalabe pamutu panu, ndipo Start Up Loan imalembedwa m'dzina lanu lenileni, osati la kampani. Bizinesi ikagwa, wobweza ndinu. Komanso musanalembe fomu iliyonse, onetsetsani kuti viza yanu ikukulolani kuchita bizinesi yanuyanu, chifukwa ambiri a ife tinabwera pa viza yomangiriridwa kwa wotilemba ntchito.

Ine ndikanati ngongoleyo ikhale yomaliza. Yambani mwapita kukhonsolo ya dera lanu mukalankhule ndi amene amagula chisamaliro cha akuluakulu. Anthu ambiri okhala m'nyumba zotere amawalipirira ndi khonsolo kapena NHS (bungwe la boma la zaumoyo), ndiye ngati iwo sakufuna nyumba ina m'deralo, zipinda zidzakhala zopanda anthu lendi ikuwerengabe. Kenako CQC, bungwe lomwe limalembetsa ndi kuyendera malo osamalira anthu ku England. Kuyamba kusamalira anthu musanalembetse ndi mlandu, ndipo kulembetsako kumatenga miyezi. Adzafuna manijala wovomerezeka, DBS (chikalata chofufuza ngati munthu ali ndi mbiri ya milandu), inshuwalansi, ndi umboni woti ndalama zoyendetsera muli nazo. Ngati mukufuna kusamalira anthu ovutika kuphunzira kapena a autism, werengani malangizo awo a Right support, right care, right culture. Iwo amafuna nyumba zazing'ono, zapakati pa anthu, zoti wokhalamo azisankha yekha chakudya ndi nthawi yogona. Chinyumba chachikulu chakutchire angathe kuchikana inu mutasaina kale lendi.

£25,000 singagule nyumba, n'zodziwikiratu. Imathandiza kwambiri pa malipiro a antchito m'miyezi yoyamba, pakuti khonsolo nthawi zambiri imalipira ntchito itagwirika kale, pomwe wogwira usiku amafuna zake mwezi ukatha. N'chifukwa chake ndingakulimbikitseni muganizire supported living. Kumeneko munthu amakhala ndi lendi m'dzina lake, mwininyumba ndi wina, inu mumangobweretsa chisamaliro. Ndalama zoyambira zimachepa ndithu.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi okhalamowo. Kwa inu ndi bizinesi, kwa iwo ndi kwawo. Nyumba ikatsekedwa chifukwa cha ngongole, munthu amene wazolowera chipinda chake ndi nkhope za omusamalira amasamutsidwa, mwina kutali ndi abale ake, ndipo ena zimawadwalitsa. Choncho powerengera ndalama, yerekezani kuti chipinda chimodzi chakhala chopanda munthu miyezi ingapo. Ngati ngongoleyo ikubwezekabe, kapempheni. Ngati ayi, dikirani kaye, kapena pezani mnzanu wogawana naye katunduyo.