Bwana asalowe m'holo asakudziwa mtengo wa chimanga

Achimwene, mwandikhudza pachilonda. Mwafunsa za kukonzekeretsa bwana asanapite kumsonkhano wa atolankhani; ntchito imeneyo ndidaigwirapo kwa mtsogoleri wa chipani china, dzina ndisatchule. Masiku atatu ndili pambindikiro kulemba mafunso onse omwe angabwere, a feteleza, a mizere ya mafuta, a kusowa kwa ndalama zakunja, lililonse ndi yankho lake pakapepala. Tidapangana kuti madzulo tiyeserere, ine ndikhale mtolankhani wovuta uja. Kenaka adatulukira mkulu wina wa m'chipani, mwa aja ongonyamula chikwama cha bwana, akuti bwana atopa, "atolankhaniwa ndi ana athu, tawapatsa kale ya mayendedwe." Kuyeserera kudafera pomwepo.

M'mawa holo idadzaza, makamera ali chilili. Mtsikana wina wa pawailesi adaimirira kumbuyo n'kufunsa chinthu chimodzi chokha: thumba la chimanga la makilogalamu 50 likugulidwa zingati lero? Bwana adakhala chete. Adagwira botolo la madzi, kulitsegula, kulitsekanso osamwa. Adandiyang'ana, ine ndili pakhomo mapepala ali m'manja, yankho lili patsamba loyamba penipeni! Kenaka adatchula mtengo wa zaka ziwiri zapitazo. Kuseka kwa m'holomo mpaka lero ndimakumva. Pofika masana kanema anali ponseponse pa WhatsApp.

Ndiye mukuganiza adanenedwa ndani? Ine. Mkulu wachikwama uja ndiye adayamba kukalipa kuti sindidawakonzekeretse bwana, pamaso pa madalaivala. Galimoto idandisiya, ndidabwerera pakabaza. Anthu oterewa ndi amene amagwetsa atsogoleri, amangowauza zokoma.

Ndipo sizigwera aang'ono okha. Mukukumbukira July 2021, a Chakwera pa pulogalamu ya mafunso ya HARDtalk ya BBC ku London, mtolankhani Sarah Montague atawapanikiza za mwana wawo ndi mkamwini wawo amene anali paulendowo, komanso za lonjezo la ntchito 1 miliyoni. Mafunso amenewo kuno kwathu aliyense ankawafunsa kale m'maminibasi.

Choncho yeserani ndithu, muwafunse zowawa, za abale awo ndi ndalama, ngakhale akwiye. Mitengo ya chimanga, feteleza ndi petulo ailoweze m'mawa womwewo. Komabe musawaunjikire mapepala ngati momwe ndidachitira ine, munthu woloweza kwambiri amamveka ngati akuwerenga. Ndipo mukaona kuti akukana kuyeserera, lembani kalata yoti mudawachenjeza, musunge kope lake.