Shafiti ya slasher yapindika, tiiwongole kapena tigule ina?

FUNSO: Zikomo akulu a tsamba lino. Ine ndimalima ku Mchinji, ndili ndi thalakitala ya Massey Ferguson yakalekale ndi slasher yomangirira kumbuyo yomwe timatchetchera udzu m'minda ndi m'mbali mwa msewu wa pa famu. Mwezi watha mnyamata amene amayendetsa anadzandiuza kuti shafiti ya PTO ija (PTO ndi chitsulo chozungulira cha kumbuyo kwa thalakitala, shafitiyo imatenga mphamvu pamenepo kupititsa ku slasher) yapindika, ikamazungulira thalakitala yonse ikumanjenjemera ndipo mapaipi ake sakulowananso bwinobwino. Owotcherera a pa trading akuti angoiwotcha ndi moto wa gasi nkuimenya ndi hamala iwongoka, mtengo wakenso ndi wochepa poyerekeza ndi yatsopano. Kodi ndilole? Udzu wakula kale ndipo ndalama zavuta. Ndine mlimi, Mchinji.

YANKHO: Bambo, choyamba muuzeni mnyamatayo asailizenso slasher imeneyo ngakhale kwa mphindi zisanu. PTO ya thalakitala ngati yanuyo imazungulira ka 540 pa mphindi, nde kuti ka 9 pa sekondi imodzi yokha, ndipo kunjenjemera mukukumvako kukukathera pa ma bearing ndi oil seal za giyabokosi ya slasher komanso kumbuyo kwa thalakitala kumene PTO imatulukira. 

Zowotcha ndi gasi nkumenya ndi hamalazo ine ndakana. Sikuti owotchererawo ndi anthu oipa ayi, ntchito yawo amaidziwa, koma paipi ya shafiti si chitsulo cha ngolo. Mukaiyang'ana kumapeto muona kuti si yozungulira, ina imakhala ya makona atatu, ina yooneka ngati ndimu, ina ngati nyenyezi, anaipanga choncho dala kuti yamkati izitsetsereka mu yakunja uku zikuzungulira limodzi. Hamala ikangogwa pamenepo mawonekedwe aja atha, moto nawo umafewetsa chitsulo pamalo owotchedwapo, nde ndi maso izioneka yowongoka koma ikakumana ndi chiputu choyamba ipindikira pompaja. Zili ngati bango, likapindika kamodzi olo muliwongole bwanji mphamvu yake siibwerera. Ndipo choopsa kwambiri nchakuti shafiti yosatsetsereka imakankha, mukamakweza slasher mphamvu yonse ya hydraulic imapita pa giyabokosi kapena pa PTO mpaka kung'ambula chitsulo chakumbuyo kwa thalakitala.

Koma musathamangire kugula shafiti yonse. Isololeni ikhale zidutswa ziwiri, chotsani chikuto cha pulasitiki chimene chimakuta shafiti, tsukani girisi wakale ndi dizilo pang'ono, kenako paipi iliyonse muiike pa tebulo lachitsulo losalala kapena muyezeko ndi rula yaitali yachitsulo mbali zonse. Onaninso mizere yake ngati ikuyenda molunjika, chifukwa kupindika ndi kupotoka ndi matenda awiri osiyana. Ngati yapotoka ngati chingwe imeneyo ndi yotaya basi, palibe zokambirana. Ngati yangokhota pang'ono kwambiri osaphwanyika, makaniko amene ali ndi press, makina okanikizira zitsulo, atha kuibweza pang'onopang'ono yozizira, atatsamiritsa mbali ziwiri nkumayeza akakanikiza kulikonse, ndipo mayeso ake ndi amodzi, mapaipi awiriwo azilowana ndi manja okha kuyambira kumayambiriro mpaka kumapeto osafuna kugogoda. Ikakanirira penapake ndiye kuti yakanika.

Njira imene ndimailimbikitsa ine ndi kusintha paipi yokhayo. Pa mashafiti ambiri paipi imagwidwa ku yoke, chitsulo cha makutu awiri cha kumapeto kwa paipi, ndi pini yoboola pakati, mukaikhomola piniyo paipi imatuluka, nde mumagula ina ya mawonekedwe ndi saizi yomweyo, kudula, kuboola nkubwezera pini yatsopano. Popita kwa ogulitsa zipangizo za mathalakitala ku Lilongwe nyamulani chidutswa cha yakaleyo, musadalire kukumbukira kapena chithunzi cha pa foni chifukwa masaizi amasiyana ndi mamilimita ochepa chabe. Ndi bwinonso kusintha zonse ziwiri, yamkati ndi yakunja, poti imodzi ikapindika inzake imakhala yavulalanso. Ngati yanu ndi yowotcherera ku yoke, apo ipite kwa munthu wa lathe, makina osemera zitsulo mozunguza, kuti ikhale pakati penipeni. Pobwezera onetsetsani kuti makutu a ma yoke amkati awiriwo ayang'ana mofanana pa mzere umodzi, akasemphana shafiti imanjenjemerabe olo zonse zili zatsopano ndipo anthu ambiri amasokonezeka pamenepa. Gwedezaninso ma cross, tizitsulo ta ngati mtanda tolumikiza ma yoke, akakhala ndi mpata kapena yoke yatanuka, pamenepo werengerani bwino chifukwa mwina shafiti yonse yatsopano itchipa.

Tsopano nkhani yaikulu imene simunafunse ndi iyi, inapindika chifukwa chani? Mukapanda kupeza chimenechi yatsopanoyo ipindikanso mwezi usanathe. Kawirikawiri ndi zinthu zitatu. Mwina shafiti ndi yaitali, makamaka ngati inachokera pa thalakitala ina, nde pokweza slasher kapena podutsa pa dzenje mapaipi amafika pothera nkusowa kolowera. Mwina pokweza kwambiri shafiti imagunda m'mphepete mwa slasher kutsogoloko, kayang'aneni muona pamene penti inachoka. Kapena imagunda drawbar, chitsulo chokokera ngolo kumbuyo kwa thalakitala, pamene slasher yatsika pa mzere kapena pa chulu, drawbar imeneyo ngati simukuigwiritsa ntchito ichotseni kapena muikankhire pambali.

Poyeza utali chitani chonchi, injini ili yozima ndipo kiyi ali m'thumba mwanu. Ikani slasher pamene PTO ndi giyabokosi zayandikana kwambiri, nthawi zambiri ndi pamene zili pa mlingo umodzi. Chidutswa chimodzi mangani ku thalakitala china ku slasher osalowetsana, muzigwire moyandikana nkuona. Pakhale mpata wa masentimita 3 mpaka 5 kuti zisafike pothera, ndipo zikatalikirana kwambiri pogwira ntchito mapaipi azilowanabe osachepera gawo limodzi mwa magawo atatu a utali wake. Ngati mukudula, dulani mofanana mapaipi onse awiri pamodzi ndi zikuto zake, palani m'mphepete ndi fayilo, chotsani tizitsulo tonse, pakani girisi. Mukatero kwezani ndi kutsitsa pang'onopang'ono PTO ili yozima wina akuyang'ana chapatali, ndipo pamene mwaona kuti ikufuna kugunda mangani chotsekera cha pa liva ya hydraulic kuti mnyamatayo asamapitirire pamenepo. Muuzeninso azizimitsa PTO asanakweze pokhota, ndipo ma cross azilandira girisi maola 8 aliwonse a ntchito.

Chikuto cha pulasitiki chija chibwerere ndi matcheni ake, ndikupemphani ndithu. Ndikudziwa ambiri amachitaya ati chimavutitsa popaka girisi, koma shafiti yamaliseche ikagwira malaya, ovolosi kapena chitenje munthu sapeza mpata olo wokuwa, ndipo pa famu pamakhala ana.

FUNSO: Ine yanga siinapindike koma bawuti ya pa giyabokosi imangoduka, tsiku limodzi ziwiri zitatu. Anzanga akuti ndiikepo bawuti yolimba ya pa injini ya lole. Zoona? Ndine wa ku Kasungu.

YANKHO: Ayi achimwene musatero. Bawuti imeneyo anaiika kuti iziduka, mpeni ukamenya mwala kapena chiputu iyo ndi imene imafa kuti shafiti ndi magiya zipulumuke, nde mukaikapo yolimba mapaipi apotoka ngati mmene tafotokozera pamwambapa. Yang'anani pamutu pa bawuti imene inabwera ndi makinawo kapena m'buku lake. Za mamilimita zimalembedwa 8.8, 10.9 kapena 12.9, nambala ikamakula kulimbanso kumakula, pomwe za mainchi yopanda mizere ndi yofewa, ya mizere 3 ndi yapakati, ya mizere 6 ndi yolimba kwambiri. Gulani yofanana ndi yoyambayo, musakwere giredi. Ngati ikuduka pafupipafupi onani bowo lake mwina lakula nde bawuti ikumagwedera, onani mipeni ngati yabuntha kapena umodzi wathyoka, kwezani slasher pang'ono isamakumbe dothi, ndipo PTO muziilowetsa injini ili pansi kenako nkumakweza moto pang'onopang'ono. Munda watsopano uyendeni kaye wapansi muzike timitengo pa ziputu. Amene muli ndi slip clutch, chipangizo cha masipuling'i chimene chimatsetsereka mpeni ukamenya chinthu, m'malo mwa bawuti, dziwani kuti ikakhala miyezi yambiri osagwira ntchito imagwirana ndi dzimbiri, nde musanayambe kutchetcha yezani utali wa masipuling'i ake, masulani manati, muilize masekondi awiri atatu kuti itsetsereke, kenako mangani kubwezera pa muyezo womwe uja.