Netiweki ya pachulu

Funso: Ndimaphunzitsa Sitandade 7 ku Chamama, Kasungu. Netiweki imagwira pokhapokha ndikakwera pachulu, bandulo nayo yakwera mtengo. Zophunzitsira za pa intaneti ndingazipeze bwanji?

Yankho: Aphunzitsi, tsiku lomwe mwapita ku boma kukatenga malipiro, tsitsani pulogalamu ya Kiwix pafoni. Imasunga Wikipedia (nkhokwe ya pa intaneti ya nkhani zofotokoza zinthu zosiyanasiyana), mumawerenga popanda intaneti. Sankhani gawo la sayansi lokha. Yonseyo ndi yaikulu, ingadzaze memori khadi yanu. Khan Academy, webusaiti ya maphunziro a pavidiyo, ndi yaulere, masamu ake ine ndimawakonda, koma siitsatira silabasi ya MIE (bungwe la ku Domasi lokonza masilabasi a sukulu), choncho muziyamba mwaonera nokha madzulo musanaonetse ana. Mapepala akale a mayeso a MANEB funsani anzanu pagulu la WhatsApp la zoni yanu, kapena a PEA (alangizi a maphunziro a pulayimale) ku TDC (likulu la aphunzitsi a m'zoni).