Kodi ndilipire Facebook kapena munthu wotchuka pa intaneti?

Mayi wina amene amaphika makeke a ukwati ndi a tsiku lobadwa ku Lilongwe andilembera imelo sabata ino. Akuti asunga K150,000 yotsatsira malonda awo, koma sakudziwa ngati ayipereke ku Facebook kapena kwa mtsikana wina wotchuka pa Instagram, amene wawalonjeza kuti pa ndalama imeneyo aika chithunzi chimodzi cha keke pa tsamba lake. Mayi, funso lanu landikhudza, chifukwa ndinaona ndalama yofanana ndi imeneyi ikuchoka m'manja mwa munthu amene anaipeza ndi thukuta, ndipo mpaka lero nkhaniyo ikandibwerera mtima umandiwawa.

Achemwali anga amasoka madiresi a chitenje ku Blantyre, ndipo nthawi ina ndinkawathandiza kuyankha makasitomala pa foni. Mnyamata wina wa nthabwala, amene anali ndi anthu omutsatira ochuluka kwambiri pa Facebook, anawauza kuti akangotchula dzina lawo m'kavidiyo kamodzi, makina awo osokera sadzapumanso. Anagwirizana mtengo pakamwa, ndalama inatumizidwa pa foni, ndipo kavidiyoko kanatulukadi. Kanali koseketsa, sindikana. Anthu anakaonera mwaunyinji, ndemanga zinadzaza, ndipo usiku umenewo achemwali sanagone, akudikira kuti foni iyambe kulira. Mawa lake ndinakhala pansi n'kuwerenga ndemangazo imodzi ndi imodzi. Pafupifupi zonse zinali zoyamikira nthabwala ya mnyamatayo, ndipo ambiri mwa olembawo anali anyamata anzake, ena a ku sukulu, ena okhala ku Johannesburg ndi ku Cape Town, anthu amene sakanabwera ku Ndirande kudzayezetsa diresi ngakhale atalikonda bwanji. Dzina la shopu linamveka kamodzi kumapeto, pamene ambiri anali atasiya kale kuonera. Sabata isanathe, mnyamatayo anali atatsatsa kale malonda a anthu ena angapo, ndipo titamupempha kuti atisonyeze kumene anthu amene anaonerawo amakhala, anasiya kuyankha.

Chimene chinabweretsa maoda mwezi womwewo ndi mphunzitsi wina wa ku pulayimale amene anavala diresi la achemwali ku chinkhoswe, n'kuika zithunzi zake pa status ya WhatsApp. Amayi a ku mpingo kwake ndi aphunzitsi anzake anayamba kufunsa telala amene anasoka, ndipo ankabwera atadziwa kale mtengo. Mphunzitsiyo sanalipidwe kalikonse kupatula kumuchotserako pang'ono pa diresi lachiwiri.

Poyamba ndinkanena kuti mwina tinangokumana ndi munthu wosakhulupirika. Tsopano ndimalankhula mosabisa kuti kwa munthu wa bizinesi yaing'ono, amene amagulitsa chinthu chofunika kuchitengera pakhomo pa kasitomala, chiwerengero cha otsatira n'chinthu chosathandiza kwenikweni. Otsatira amagulidwa, ndipo pali anthu amene ntchito yawo ndi kugulitsa maakaunti abodza. Ngakhale atakhala enieni, munthu amene amatsatira mtsikana wokongola kuti aone zovala zake sanabwere kudzafuna keke, ndipo keke ya ukwati siitumizidwa pa basi kupita ku Karonga. Makampani a foni ndi a zakumwa angathe kulipira anthu otchukawa chifukwa katundu wawo ali m'golosale iliyonse ndipo chimene akufuna n'chakuti dzina lawo lisachoke m'makutu mwa anthu. Inu simukufuna kutchuka dziko lonse, mukufuna anthu ochepa a ku Area 25, Area 47 kapena Kawale amene ali ndi mwambo mwezi uno ndiponso ndalama m'thumba.

Musaganize kuti ndikunena kuti Facebook ndi mngelo. Kampani ya Meta, imene ndi mwini wake wa Facebook, Instagram ndi WhatsApp, siigulitsa malo otsatsirapo pa mtengo umodzi monga imachitira nyuzipepala. Nthawi iliyonse imene munthu watsegula Facebook kapena Instagram pa foni yake, makina a kompyuta a kampaniyi amapikisanitsa otsatsa onse amene akufuna kuonekera kwa munthu ameneyo, ndipo amayang'ana ndalama imene aliyense waika, ubwino wa chotsatsacho, komanso mwayi wakuti munthuyo achita chimene wotsatsa anapempha. Mfundo yomalizayi ndi imene imadyetsa anthu ambiri ndalama. Mukadina batani la Boost, limene ndi lolipirira kuti zimene mwaika pa tsamba lanu zionekere kwa anthu ambiri, n'kusankha kuti mukufuna ma like, makinawo adzakusakirani mokhulupirika anthu amene amakonda kudina like pa chilichonse, ndipo mudzasangalala ndi manambala pamene uvuni uli wozizira. Amakupatsani chimene mwapempha, choncho pemphani mauthenga.

Palinso vuto lathu la kuno kwathu limene aphunzitsi a pa YouTube a ku America sangakuuzeni. Anthu ambiri amagula mabandulo otsika mtengo a WhatsApp kapena a Facebook okha ku Airtel ndi TNM, ndiye chotsatsa chanu chikamawatumiza ku webusaiti, amadina koma tsambalo silitseguka, ndipo ndalama yanu yapita. Chotsatsa chimene chimatsegula macheza a WhatsApp mwachindunji chimagwirizana ndi mmene timagulira zinthu kuno, chifukwa Mmalawi amafuna afunse kaye, aone zithunzi zina, anenerere mtengo, ndipo akakhutira ndi pamene amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba.

Nkhani ya kalipiridwe nayo ndi mutu wina wopweteka. Meta imafuna khadi la banki la Visa kapena Mastercard lololedwa kugula zinthu kunja, ndipo chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja, mabanki athu amaika malire pa zimene khadi lingagule, nthawi zina malipiro amakanidwa kumene. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa chotsatsa chomwecho unakwera tsiku limodzi kwa aliyense wolipira m'madola. Chifukwa cha zimenezi pabuka anthu amene amati muwapatse makwacha kuti akulipirireni ndi khadi lawo. Ena mwa iwo ndi achilungamo, koma musalole kupereka nambala yanu yachinsinsi kapena ulamuliro wonse wa tsamba lanu kwa munthu wotere, chifukwa tsamba limene mwalimanga kwa zaka likhoza kukuchokani mukangosemphana naye mawu. Pitani ku banki yanu mukafunse kaye ngati khadi lanu lingagwire ntchito imeneyi.

Zoyenera kuchita ndi K150,000 yanu

Yambani ndi WhatsApp Business, imene ndi WhatsApp ya anthu a malonda, muikemo zithunzi za makeke anu enieni ndi mitengo yake, ndipo muilumikize ku tsamba lanu la Facebook. Jambulani keke masana pafupi ndi zenera, osatenga chithunzi cha pa intaneti, chifukwa kasitomala akalandira chosiyana ndi chimene anaona sabweranso, komanso kutsatsa konamiza ndi nkhani imene bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo ake. Tengani gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalamayo, muike madola awiri kapena atatu patsiku pa chotsatsa cha pa Facebook kwa sabata yathunthu, cholinga chikhale mauthenga, dera likhale Lilongwe yekha, ndipo mtengo woyambira ulembedwe poyera kuti ongofunsa achepe. Musasinthe chotsatsacho tsiku lililonse, popeza makinawo amafuna masiku angapo kuti aphunzire anthu amene amayankha. Lembani m'kope amene alemba uthenga ndi amene alipira, kenako mugawe ndalama imene mwaononga ndi chiwerengero cha maoda. Ngati ndalama imene mwaononga pa oda imodzi ndi yochepa kuyerekeza ndi phindu la keke imodzi, onjezerani ndalama pang'onopang'ono.

Mtsikana wa pa Instagram uja musamukane mwachipongwe, koma mumupemphe akutumizireni chithunzi cha ziwerengero za tsamba lake, pamene pamaoneka mizinda ndi zaka za omutsatira. Ngati ambiri ali mu Lilongwe, gwirizanani molemba tsiku loika chithunzicho, masiku amene chidzakhalepo, ndi kuti adzasonyeza poyera kuti walipidwa. Mumupatse keke ndi ndalama yochepa poyamba, ndiponso mawu apadera amene kasitomala wochokera kwa iye adzatchule poika oda, kuti yotsalayo muzimulipira potengera maoda amene abweradi. Akakana zonsezi, fufuzani wokongoletsa maholo a ukwati kapena wojambula zithunzi za pa chinkhoswe wa m'dera lanu, chifukwa amenewo amakumana ndi akwati miyezi ingapo keke isanafunike.