Ayezi wosweka amalimba bwanji?

Achimwene, mwafunsa kuti ngati ayezi wa panyanja ndi wosweka kale, bwanji sitima yoswa ayezi ngati SA Agulhas II ya ku South Africa imavutikabe kudutsamo. Funsoli landikhudza, chifukwa inenso kale ndinkaganiza kuti chinthu chikasweka ndiye kuti mphamvu zatha.

Mukagula thumba la ayezi pagalaji kuno ku Joni, pofika nalo kunyumba mumapeza zidutswa zija zamatana n'kukhala chibuma chimodzi, mpaka mumachita kulimenyetsa pansi. Kunyanja ya Weddell, ku Antarctica, zimachitikanso choncho, kungoti zidutswa zake zina n'zazikulu ngati galimoto.

Mphepo ikamakankha ayezi woyandama, zidutswa zimakwerana, zambiri n'kukankhidwira pansi pa madzi. Mulu wooneka pamwamba ukakhala mita 1, pansi kawirikawiri pamakhala mamita 4 kapena 5. Madzi a m'mipata ya pafupi ndi pamwamba amaundananso, ndipo pamapangika chigawo cholimba chochindikala kuposa ayezi wafulati wozungulira. Zidutswa za m'munsi sizimatana kwambiri, koma chilichonse chikufuna kuyandama, ndiye zimapanikizana zokha. Amene mwagwirapo ganyu ya zomangamanga mukudziwa mmene fosholo limakanira kulowa pamulu wa miyala ya kwale, chikhalirecho palibe simenti. Mukapanikiza kwambiri, miyala nayo imalumana kwambiri. Ayezi uja ndi chimodzimodzi.

Madzi a m'nyanja yamchere amaundana pa -1.8°C, ndipo mkati mwa ayeziyo mumatsala timatumba ta madzi amchere. Kukafundako timatumbato timakula, ayezi n'kufewa. Choncho mulu womwewo ukhoza kugonja lero, mawa n'kukana.

SA Agulhas II, imene imanyamukira ku Cape Town, inamangidwa ku Finland mu 2012 kuti izitha kuswa ayezi wafulati wa mita 1 ikuyenda pafupifupi makilomita 9 pa ola. Ikakumana ndi milu ija imabwerera m'mbuyo n'kukaombanso. Ndi sitima yomweyi imene inanyamula akatswiri amene mu March 2022 anapeza Endurance, sitima ya Ernest Shackleton, mtsogoleri wa ulendo wokafufuza ku Antarctica, pansi pa nyanja mamita 3,008. Endurance inali yamatabwa olimba kwambiri, koma ayezi woyandama anaigwira mu January 1915, n'kuifinya mpaka nthiti zake zinathyoka, ndipo inamira mu November chaka chomwecho. Anthu onse 28 amene anali m'sitimayo anapulumuka.