Funsani Mmisiri: Makina athu oyengera mafuta akafika bwanji ku Namwera?

Funso: Ndine mlembi wa kopaletivi ya alimi a soya ndi mpendadzuwa kuno ku Namwera m'boma la Mangochi. Tagula ku India makina oyengera mafuta ophikira, ndipo abwera m'makontena awiri; chigawo cholemera kwambiri, chomwe chimafinya mbewu, ndi cha matani 6. Nyumba tamanga ndipo tafolera, koma magetsi sitinakoke. Kodi katunduyu adzere doko liti, nanga sizingatheke kuti anyamata athu adzatsitse ndi zingwe ndi mapaipi pofuna kupulumutsa ndalama ya kireni? (Wowerenga wa ku Namwera)

Yankho: Bambo, m'kalata yanu mawu amene andidetsa nkhawa si a doko kapena a kireni, koma akuti magetsi simunakoke. Ngati n'kotheka, pemphani wogulitsayo aimitse kaye kutumiza katunduyo mpaka malo anu atakonzeka, chifukwa makina amene afika n'kumangokhala pansi pa lona amayamba dzimbiri, makoswe amatafuna mawaya ake, pomwe nthawi ya chitsimikizo cha wogulitsa ikungotha ndipo ngongole ku banki ikubala chiwongoladzanja.

Makina otere amafuna magetsi a three-phase (a mawaya atatu amoto), omwe kuno kwathu ndi a mavoti 400 pa 50 Hz. Wogulitsa akutumizireni mndandanda wa mamota onse ndi mphamvu ya iliyonse, ndipo mndandandawo muupereke kwa katswiri wa zamagetsi wokhala ndi chiphaso, kuti awerengere kukula kwa thiransifoma musanalembe kalata yopita ku ESCOM. Mota yaikulu ikamadzuka imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa pamene ikuyenda, choncho thiransifoma yongokwanira ndendende idzakhala ikugwetsa makina ena nthawi zonse mukayatsa chofinyiracho. Funsaninso ngati m'bokosi loyatsira muli chipangizo chodzutsira mota pang'onopang'ono, monga star-delta.

Chachiwiri ndi maziko. Simenti ya pansi pa nyumba wamba siingapirire chitsulo cha matani 6 chimene chikunjenjemera tsiku lonse. Pamafunika maziko akeake a konkire ya zitsulo m'kati, okumbidwa motsatira chojambula cha wopanga makinawo, ndipo ndi bwino kuwalekanitsa ndi simenti ya nyumba yonse kuti kunjenjemerako kusang'ambe zipupa. Konkire imafika pa mphamvu yomwe ainjiniya amawerengera pakatha masiku 28, ndipo m'masiku oyambirira iyenera kuthiriridwa ndi kufunditsidwa masaka onyowa, makamaka m'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Amisiri ambiri sakonda kumiziratu mabawuti m'konkire. Amasiya maenje, makina akakhala pamalo pake ndi kuwongoledwa ndi levulo, ndi pamene amathira simenti yolimbitsa mabawutiwo. Njira imeneyi ndi imene ndingakulangizeni, pakuti bawuti yolakwika ndi masentimita awiri okha ingathe kuchititsa kuti mugumule maziko.

Popeza mwafolera kale, tengani tepi muyeze khomo lalikulu m'lifupi ndi m'litali mwake, muyerekeze ndi miyezo ya bokosi lalikulu kwambiri. Kireni imatsitsa katundu kuchokera pamwamba, siilowa pakhomo. Mukaona kuti zavuta, kusasula malata angapo kwa tsiku limodzi n'kotchipa kusiyana ndi kugwetsa chipupa.

Za doko, Namwera ali ndi mwayi woyandikana ndi chipata cha Chiponde. Katundu wotsikira ku Nacala angathe kuyenda pamsewu kudzera ku Nampula, Cuamba ndi Mandimba, n'kulowa m'dziko muno pafupi ndi kwanu. Akatsikira ku Beira, thiraki imalowa pa Mwanza kapena pa Dedza, ndipo ikafika pa boma la Mangochi iyenera kuwoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi ndi kukwera mapiri pamsewu wa M3, womwe inu eni mukuudziwa kukhotakhota kwake. Kontena ya mafiti 40 ndi yotalika mamita 12, ndipo dalaivala wosazolowera chitunda chimenecho amavutika nayo m'makona. Njanji yochokera ku Nacala imafika pa Liwonde, koma kumeneko mudzafunikabe thiraki. Pemphani mitengo ya njira zonsezi kwa ajenti wolembetsedwa ku MRA, amene akuuzeninso pasadakhale ngati makina anu ali m'gulu lochotseredwa msonkho. Nkhani imeneyi imakonzedwa katundu asanafike pachipata, chifukwa kontena ikachedwa kubwezedwa eni ake amalipiritsa tsiku lililonse, ndipo amawerengera m'madola.

Katundu wanu poti ali m'makontena wamba, sayenera kufuna chilolezo cha katundu wopyola muyezo. Chilolezocho chimafunika chigawo chikakhala chachikulu moti chikuyenda pa lowbed (ngolo yotsika ya thiraki yonyamulira katundu wolemera) chitatulukira m'mbali, kapena kulemera kwake kukapitirira malire a pasikelo ya pamsewu.

Tsopano za anyamata ndi zingwe: ayi, musayerekeze. Matani 6 ndi matumba 120 a chimanga a makilogalamu 50 ataunjikidwa m'chinthu chimodzi chopanda pogwira, ndipo chikapendekeka palibe mkono ungachibweze. Mapaipi ndi tcheni buloko zili ndi ntchito yake, yosendeza makina pang'onopang'ono pa simenti yosalala atafika kale pansi, moyang'aniridwa ndi munthu wodziwa. Kutsitsa pathiraki n'kwa kireni. Pobwereka, musangonena kulemera kwa katundu; nenaninso mtunda wochokera pamene kireni idzaime kufika pamene katunduyo adzatere, chifukwa kireni yolembedwa matani 25 imanyamula zochepa kwambiri ikatambasula mkono. Pamene miyendo yake idzaponde pakhale polimba, pakhale matabwa ochindikala, ndipo pasakhale mawaya a magetsi pamwamba. Makireni ambiri amachokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe ndipo ulendo wake mumalipira ndinu, kotero tsiku la kireni ligwirizane ndi tsiku lofika mathiraki onse awiri. Onetsetsaninso kuti inshuwalansi yanu ikufika mpaka potsitsa, osati kuthera padoko.

Potsegula makontena pakhale wa komiti wowerenga mabokosi motsatira mndandanda wa wogulitsa, akujambula chilichonse chophwanyika kapena chonyowa chisanasunthidwe. Makina akalumikizidwa, mota iliyonse iyesedwe payokha kuti muone kumene ikuzungulira, pakuti mawaya awiri akasinthana imayenda chobwerera. Kenako mzere wonse uyende wopanda kanthu, ndipo pomaliza muthiremo mbewu zanu zomwe za ku Namwera, muyeze mafuta otuluka pa ola. Gawo lomaliza la malipiro lidikire mayeso amenewa, ndipo mmisiri wa wogulitsa asachoke asanaphunzitse anthu anu osachepera awiri kumasula ndi kubwezeretsa chofinyiracho. Mafutawo asanapite pamsika adzafunika chiphaso cha Malawi Bureau of Standards, ndipo ndi bwino kuwaitana aone nyumbayo panopa, makina asanamangiriridwe pansi.